Nsomba zamchere za ku Caribbean

Nsomba zamchere, zomwe anthu a ku Caribbean amazitcha saltfish, ndi nsomba zong'ambidwa, zothiridwa mchere wambiri kenako n'kuumitsidwa kuti zikhale miyezi yambiri osawonongeka. Ndi ndiwo zofala kwambiri ku Jamaica, Trinidad and Tobago, Barbados, Antigua, Saint Lucia, Saint Kitts and Nevis komanso ku Guyana, dziko la kumpoto kwa South America lomwe zakudya zake zimafanana ndi za m'zilumbazi. Nthawi zambiri amadyera dumplings, timibulu ta ufa wa tirigu wokanda ndi madzi tomwe amatiwiritsa kapena kutikazinga. Chakudyachi amachidya m'mawa, makamaka kumapeto kwa sabata, ndipo ena amachidyanso masana.

Ngakhale zilumbazi zazunguliridwa ndi nyanja yokhala ndi nsomba zake, nsomba zamchere zambiri sizigwidwa kumeneko. Zimachokera m'madzi ozizira a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, ku Norway ndi ku Canada. Nayenso tirigu salimidwa kwenikweni m'zilumbazi. Zinthu ziwirizi zinayamba kufika ku Caribbean pa sitima zapamadzi m'nthawi ya ukapolo, ndipo mbiri ya chakudyachi siisiyana ndi mbiri ya minda ya nzimbe.

Mayina

Nsomba yomwe inkathiridwa mchere kwambiri kuyambira kale ndi cod, yomwe asayansi amaitcha Gadus morhua. Ikathiridwa mchere ndi kuumitsidwa, Apwitikizi amaitcha bacalhau, a ku Spain amati bacalao, a ku Italy amati baccalà, pomwe a ku Norway amati klippfisk, kutanthauza nsomba yoyanikidwa pamatanthwe. Dzina la Chipwitikizi linafalikira m'madera a mu Africa momwe Apwitikizi ankachita malonda kapena kulamulira, monga ku Angola ndi ku Mozambique. Ku Congo linasanduka makayabu, ndipo mawu akuti bakayawo, omwe anthu a ku Malawi ndi ku Zimbabwe amatchulira nsomba zouma zamchere, anachokeranso komweko, ngakhale kuti nsomba zake zimakhala za mitundu ina.

Mmene mchere umatetezera nsomba

Nsomba yaiwisi imaola msanga chifukwa mnofu wake uli ndi madzi ambiri, ndipo tizilombo ta bakiteriya timaswana mosavuta pamalo a chinyezi. Mchere umakoka madziwo kuchoka mumnofu, ndipo madzi otsalawo amakhala amchere kwambiri moti tizilombo tambiri sititha kuswana. Kuyanika padzuwa ndi pamphepo kumachotsa chinyezi china chotsala.

Cod ndi yoyenera kusungidwa motere chifukwa mnofu wake ulibe mafuta ambiri: mafuta ake amakhala m'chiwindi. Nsomba zonona zikakhalitsa mafuta ake amayamba kununkha, koma cod imauma gwa ngati thabwa n'kukhala choncho kwa nthawi yaitali. Asodzi ankaidula mutu, kuing'amba, kuchotsa matumbo ndi mbali yaikulu ya msana, kenako n'kuisanja m'milu, nsomba pansi mchere pamwamba, kwa masabata angapo asanaiyanike.

Chiyambi cha kuthira nsomba mchere

Luso limeneli ndi lakale kwambiri. Anthu a ku Egypt wakale ankathira mchere nsomba za mumtsinje wa Nile, ndipo mpaka lero ku Egypt amadya nsomba yamchere yotchedwa fesikh pa chikondwerero cha Sham el-Nessim. Afoinike ndi Aroma anamanga malo okonzera nsomba zamchere m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean ndi ya Atlantic. Maenje amiyala omwe ankanyikamo nsomba akuonekabe m'mabwinja a Baelo Claudia ku Spain, Tróia ku Portugal ndi Lixus ku Morocco. Kumeneko ankapangakonso msuzi wa nsomba wotchedwa garum, womwe Aroma ankaukonda.

Kumpoto kwa Ulaya mchere unali wosowa, choncho anthu a ku zilumba za Lofoten ku Norway ankangoyanika cod pamphepo yozizira popanda mchere. Nsomba yotereyi imatchedwa stockfish, ndipo masiku ano imagulidwa kwambiri ku Italy ndi ku Nigeria. Kukonza klippfisk kunayamba mochedwerapo ku Norway, m'zaka za m'ma 1690, m'dera la Kristiansund.

Chomwe chinakulitsa msika wa nsomba zouma ku Ulaya chinali chipembedzo. Mpingo wa Katolika unkaletsa kudya nyama Lachisanu lililonse, m'nyengo ya Lenti ndi masiku ena osala, koma nsomba zinkaloledwa. Anthu okhala kutali ndi nyanja sakanatha kupeza nsomba zaziwisi, motero ankadalira zamchere.

Mu 1497, John Cabot, woyendetsa sitima wa ku Italy yemwe ankagwirira ntchito mfumu ya ku England, anafika m'dera la Newfoundland, ndipo anthu ake anabwera ndi mbiri yakuti nyanja ya kumeneko inali yodzaza ndi cod. M'zaka za m'ma 1500, asodzi achipwitikizi, a ku France, a ku England ndi a mtundu wa Basque anayamba kuwoloka nyanja chaka ndi chaka kukawedza ku Grand Banks. Popeza ulendo wobwerera unkatenga masabata ambiri, nsomba zonse zinkayenera kuthiridwa mchere.

Nsomba zamchere ndi ukapolo

Angerezi anakhazikika ku Barbados mu 1627 ndipo analanda Jamaica m'manja mwa Spain mu 1655. Kuyambira m'zaka za m'ma 1640 ulimi wa nzimbe unakula, ndipo anthu ambirimbiri anatengedwa mokakamiza kuchokera ku Africa kuti akagwire ukapolo m'minda imeneyi. Shuga ankabweretsa ndalama zochuluka, choncho eni minda sankafuna kuti malo abwino kapena nthawi ya akapolo ipite ku ulimi wa chakudya ndi usodzi. Kugula chakudya chotchipa kunja kunkawapindulira kwambiri.

Amalonda a ku Newfoundland, Nova Scotia ndi New England ankasankha nsomba malinga ndi ubwino wake. Zabwino kwambiri zinkapita ku Spain, Portugal ndi Italy. Zong'ambika molakwika, zophwanyika kapena zosauma bwino ankazitumiza ku Caribbean kukadyetsa akapolo, moti gulu lotsikitsitsali linapatsidwa dzina lakuti West India. Sitima zomwezo zinkanyamulanso ufa wa tirigu ndi chimanga kuchokera kumadera monga Pennsylvania ndi New York, ndipo pobwerera zinkatenga shuga, manyuchi a nzimbe ndi mowa wa ramu.

Gawo lina la mchere womwe unkathiridwa m'nsombazi linkachokera ku Caribbean komweko. Pa zilumba za Turks, akapolo ankakolola mchere m'maiwe a madzi a m'nyanja, ataima m'madziwo kwa maola ambiri mpaka miyendo kuchita zilonda. Mary Prince, mayi wobadwira ku Bermuda yemwe anagwirapo ntchito imeneyi ali kapolo, anafotokoza za mavutowa m'buku la mbiri ya moyo wake lomwe linasindikizidwa ku London mu 1831.

Kudalira chakudya chakunja kunali koopsa. Pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu wa dziko la United States, yomwe inatha mu 1783, malonda a pakati pa dzikolo ndi zilumba za Britain anasokonezeka, ndipo nkhondo itatha Britain inaletsa sitima za ku America kuchita malonda kumeneko. M'zaka zomwezo mphepo zamkuntho zinawononga mbewu kangapo. Nyumba ya malamulo ya ku Jamaica ya nthawiyo inati akapolo pafupifupi 15,000 anafa ndi njala ndi matenda obwera ndi njalayo pakati pa 1780 ndi 1787. Eni minda anafuna mbewu ina yotchipa yodyetsera akapolo, ndipo mu 1793 William Bligh anafikitsa mbande za mtengo wa breadfruit ku Saint Vincent ndi ku Jamaica kuchokera ku Tahiti.

Akapolo ankalandira nsomba zochepa chabe, motero anaphunzira kuzichulukitsa. Kachidutswa kamodzi akakanyenya n'kukasakaniza ndi anyezi, tsabola, masamba ndi therere, kankakwanira banja lonse podyera zilazi, nthochi zaziwisi kapena dumplings. Ukapolo unathetsedwa m'madera olamulidwa ndi Britain mu 1834, ndipo ufulu wonse unabwera mu 1838, koma nsomba zamchere zinakhalabe ndiwo za anthu wamba chifukwa zinali zotsika mtengo komanso zosafuna firiji.

Kaphikidwe

Kusukulutsa mchere. Nsomba yamchere siphikidwa mmene yagulidwira. Amayamba aitsuka kuchotsa mchere wapamwamba, kenako amainyika m'madzi ozizira usiku wonse, n'kumasintha madziwo kawiri kapena katatu. Zidutswa zochindikala zimafuna tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Wofulumira amaiwiritsa kwa mphindi 15 mpaka 20, kutaya madziwo, n'kuiwiritsanso m'madzi atsopano. Ophika amalawa kachidutswa asanapitirize, chifukwa nsomba yosukuluka kwambiri imakhala yozizira mkamwa, pomwe yosasukuluka bwino siidyeka. Ikafewa amachotsa khungu ndi minga, n'kuinyenya ndi zala.

Ndiwo. Nsomba yolemera magalamu 250 imakwanira anthu atatu kapena anayi. Amatenthetsa mafuta m'chiwaya n'kukazingamo anyezi mmodzi wamkulu, adyo, anyezi wamasamba ndi giriini pepa mpaka zitafewa. Kenako amaikamo tomato awiri kapena atatu, timasamba tonunkhira ta thyme ndi tsabola. Tsabola wodziwika kumeneko ndi Scotch bonnet, wowawa kwambiri, moti ena amamuponyamo wathunthu n'kumuchotsa ndiwo zikapsa kuti asiyemo fungo lokha. Pomaliza amathiramo nsomba ija ndi timadzi pang'ono kapena mkaka wa kokonati, n'kuvundikira kwa mphindi 10 pamoto wochepa. Mchere sathira mpaka atalawa.

Dumplings zowiritsa. Amasakaniza makapu awiri a ufa wa tirigu ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, n'kumathira madzi pang'onopang'ono uku akukanda mpaka ufawo utagwirana bwino, osamata m'manja. Ambiri amachotsa theka la kapu ya ufa wa tirigu n'kuikamo ufa wa chimanga. Akausiya kwa mphindi zingapo amaudula tizidutswa, kutibulungiza, n'kutiphwathalitsa pachikhatho. Amatiponya m'madzi owira othira mchere, kutakasa kamodzi kuti tisamatirire pansi pa poto, n'kutisiya tiwire kwa mphindi 15 mpaka 20. Dumplings za ku Caribbean zimakhala zolimba, zofunika kutafuna, ndipo sizikhala ndi kanthu mkati. Kawirikawiri amaziwiritsira m'poto mmodzi ndi nthochi zaziwisi, zilazi, mbatata kapena chinangwa.

Dumplings zokazinga. Izi amathiramo bekingi pauda ndi batala pang'ono kuti zifufume, n'kuzikazinga m'mafuta pamoto wosakalipa kuti zipse mpaka mkati. Ku Jamaica ena amazitcha Johnny cakes. Za mtundu wina zotchedwa festival zimakhala zazitali, zothira shuga ndi ufa wa chimanga.

Kusiyana kwa zilumba

Chilumba chilichonse chili ndi kaphikidwe kake. Ku Jamaica chakudya chonyaditsa dziko ndi nsomba zamchere zophika ndi ackee, chipatso chochokera ku West Africa chomwe chinafika pachilumbachi m'zaka za m'ma 1700. Ackee wosapsa ali ndi poizoni wotchedwa hypoglycin A, choncho amadikira kuti chipatsocho chitseguke chokha mumtengo ndipo amadya mnofu wachikasu wokha. Ku Saint Lucia chakudya cha dziko ndi nsombazi ndi nthochi zaziwisi zowiritsa. Ku Saint Kitts and Nevis amadyera dumplings zothira kokonati, nthochi zokazinga ndi breadfruit. Ku Antigua, makamaka pa Lachisanu Loyera, amadyera ducana, yomwe ndi mbatata yopala yosakaniza ndi kokonati ndi shuga, yowiritsidwa m'masamba. Ku Trinidad kuli buljol, nsomba yonyenya yosakaniza ndi tomato, anyezi, tsabola ndi mafuta. Palinso tizitumbuwa ta nsomba zamchere, tomwe ku Jamaica amati stamp and go, ku Martinique ndi Guadeloupe amati accras, ndipo ku Puerto Rico amati bacalaítos.

Anthu a ku Caribbean omwe anasamukira ku Britain kuyambira mu 1948, komanso ku Canada ndi ku United States, anapita nacho chakudyachi, ndipo chimapezeka m'malo odyera a ku London, Toronto ndi New York.

Kuchepa kwa cod

Kwa zaka pafupifupi 500 cod ya ku Newfoundland inkaoneka ngati singathe. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 pomwe kunabwera sitima zikuluzikulu zokoka makoka pansi pa nyanja. Mu 1968 mokha munagwidwa matani oposa 800,000 a cod ya m'deralo. Nsombazo zinachepa kwambiri, ndipo mu July 1992 boma la Canada linaletsa usodziwu, zomwe zinachititsa kuti anthu pafupifupi 30,000 ntchito iwathere. Usodzi wamalonda unatsegulidwanso mu 2024, koma pa mlingo wochepa poyerekeza ndi kale.

Chifukwa cha zimenezi cod inakwera mtengo. Nsomba zamchere zambiri zomwe zikugulitsidwa ku Caribbean masiku ano ndi za mitundu ina yofanana nayo, monga pollock ndi hake, ndipo gawo lalikulu limachokera ku Norway. Chakudya chomwe kale chinali cha akapolo ndi amphawi tsopano mabanja ena amachigula mwa apo ndi apo.

Zaumoyo

Nsomba zamchere zili ndi mapuloteni ambiri ndi mafuta ochepa, koma ngakhale zitanyikidwa zimatsalabe ndi mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya mchere wosafika magalamu 5 patsiku. Anthu omwe ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena la impso amalangizidwa kuchepetsa zakudya zamchere wambiri, ndipo akafuna kudya nsombazi ayenera kuzinyika nthawi yaitali, kusintha madzi kangapo ndi kusathiranso mchere wina m'ndiwo.