Cairo Road: msewu umene sunafike kwawo

Kuno ku Domwe dzina la malo silivuta kulimasulira. Dera linatenga dzina la phiri, ndipo phirilo aliyense amaliona akangotukula maso. Nalonso dzina la Angónia limangonena za Angoni amene anakhazikika kuno. Koma munthu akafika ku Lusaka n'kumuuza kuti waima pa Cairo Road, funso limabwera lokha: Cairo wa ku Egypt akudzatani pakati pa Zambia?

Dzinali linachokera ku maloto a Cecil Rhodes, woyambitsa British South Africa Company. Iye ankalakalaka kuti ulamuliro wa Britain, pamodzi ndi njanji yake, uyambire ku Cape Town mpaka ku Cairo. Anamwalira mu 1902, koma njanji inapitirirabe kulowera kumpoto. Mu 1905 inafika pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo siteshoni imene anaikapo inatenga dzina la mfumuyo. Amalonda anamanga timagolosale moyang'anana ndi njanji, ngolo za alimi zinkaima pomwepo, ndipo njira yafumbi ya kutsogolo kwa timagolosaleto inasanduka gawo la msewu waukulu wopita kumpoto. Azungu anaitcha Cairo poganiza kuti tsiku lina idzafika kumeneko.

Malowo anali achidikha, pansi pake pali mwala wa laimu, choncho dzinja likafika madzi ankangoti tayale. Pamene boma la atsamunda linasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone mu 1935, linakamanga maofesi ake pamtunda, chakum'mawa kwa njanji, n'kusiyira amalonda Cairo Road. Lero msewuwu, umene sukwana makilomita awiri, umayambira pa Kafue Roundabout kukathera pa Kabwe Roundabout. M'mbali mwake muli positi ofesi yaikulu, Bank of Zambia ndi Findeco House, nyumba yosanja imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1970.

Zambia italandira ufulu mu 1964, misewu yoyandikana nawo inapatsidwa maina a ndale, monga Freedom Way ndi Cha Cha Cha Road, koma la Cairo analisiya.

Ife a kuno nkhaniyi imatikhudza. Apwitikizi ankafuna dziko lodutsa kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique, ndipo njira yawo inapingasana ndi ya Rhodes. Britain anawaopseza mu 1890, ndipo pangano la 1891 linagawa dziko. Angoni a Maseko anapezeka ali mbali ziwiri: ena ku Angónia, ena ku Ntcheu ndi ku Dedza. Njanji ya Rhodes sinafike ku Cairo, koma malire amene anabadwa pa mkangano umenewo timawawolokabe popita kukaona amalume ku Lizulu.