Jakisoni wa pathako ndi odwala khansa ku Chongwe

Anthu a ku Chongwe amakhulupirira jakisoni kuposa mapiritsi, ndipo ine sindiwaimba mlandu. Makolo athu anaona ndi maso zimene penisilini anachita m'zaka za m'ma 1950: chindoko kutha, mwana wa chibayo kudzuka n'kupempha phala. Mpaka lero agogo a ku Chalimbana kapena ku Kanakantapa ukawapatsa mapiritsi okha amafunsa kuti, "Asisita, nanga nyeleti?"

Penisilini woyamba sankakhalitsa m'thupi. Impso zinkamusefa n'kumutulutsa mumkodzo pakangopita maola ochepa, moti ku Oxford mu 1941 madokotala ankatenga mkodzo wa wodwala wawo, wapolisi Albert Alexander, n'kuchotsamo mankhwalawo kuti amubayenso. Pambuyo pake anasakaniza penisilini ndi procaine kuti azisungunuka pang'onopang'ono mumnofu. Ameneyo ndiye jakisoni woyera ngati mkaka amene ndinamupeza poyamba ntchito ya unamwino. Masirinji anali agalasi, tinkawawiritsa m'mawa uliwonse, ndipo singano ikabuntha wodwala ankaimva. Edzi itafika m'ma 1980, tinasiya kuwiritsako n'kuyamba zobayira kamodzi n'kutaya.

Khansa inalipo nthawi yonseyo, koma thandizo linali kutali. Wofunika kuwotchedwa chotupa ndi makina ankatumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ndipo mlimi wa kuno sankalota n'komwe ulendo wotero. Cancer Diseases Hospital itatsegulidwa ku Lusaka mu 2007, amayi athu a khansa ya khomo la chiberekero anayamba kukwera minibasi pa Great East Road kukalandira mankhwala, n'kubwerera kumudzi. Apa m'pamene jakisoni wathu wakale uja anafunika kumuganiziranso.

Mankhwala a khansa amachepetsa asilikali a m'magazi, choncho kutentha thupi kumene wina angakupirire kungathe kupha munthu wotere usiku umodzi. Amafunika mankhwala opha tizilombo mwamsanga, ola lisanathe, ndipo adutse mumtsempha. Pathako sipayenera: mnofu watha, mankhwala salowa m'magazi mofanana, komanso tizidutswa tothandiza magazi kuundana tikachepa, pobayapo pamatupa magazi. Ndinawaona mayi wina, mkono wowonda, mitsempha itauma ndi madilipi, tikufufuza pobaya kuseri kwa dzanja mwana wawo atawagwira phewa.

Nkhani yaikulu ili pa impso. Gentamicin, amene timamudalira kwambiri m'zipatala za kumudzi, amatuluka m'thupi kudzera mu impso basi. Cisplatin, amene amapatsa odwala khansa ya khomo la chiberekero, amafooketsa impso zomwezo ndi makutu. Chotupa nachonso chingatseke njira za mkodzo. Ukapereka gentamicin pa mlingo wa masiku onse kwa munthu wotere, mankhwala amaunjikana m'magazi, impso n'kuwonongeka, makutu n'kugontha osabwereranso. Ceftriaxone amasiyanako, chifukwa gawo lina limatulukira mu ndulu. N'chifukwa chake dokotala amayamba wayeza magazi, kufunsa za mkodzo ndi kuona sikelo asanalembe mlingo.

Inu amene mukusamalira wodwala khansa kwanu, thupi likatentha musadikire kuti kuche, ndipo musaitane wobaya wa m'mudzi. Thamangani naye kuchipatala, kadi ya ku Lusaka ili m'manja, ndipo muwauze anamwino tsiku limene analandira mankhwala a khansa komaliza.