Chiwaya

Kumudzi, chiwaya ndi chitsulo kapena phale lokazingira chimanga ndi mtedza. Chimanga chikapsa chimathetheka motsatizana, n'chifukwa chake mfuti yolavula zipolopolo mosadukiza inatchedwanso chiwaya.

M'tauni mawuwa anapeza ntchito ina. Pa Kameza, pomwe msewu wochokera mu Blantyre umagawikana, wina kulowera ku bwalo la ndege la Chileka, wina wa M1 kupita ku Lunzu ndi Zalewa, chiwaya ndi chitsulo chotakata chokhala ndi dzenje la mafuta pakati. Pansi pake pamayaka nkhuni. Wokazinga amaponya mbatatesi m'dzenjemo, zikapsa n'kuziwunjika m'mbali pamodzi ndi nyama, kabichi wodula, mchere ndi tsabola.

Koma munthu akati "tikumane pa chiwaya" sakunena chitsulocho ayi. Akunena malo ndi anthu ake. Pachiwaya amadya choimirira, ndipo wa kabaza, kondakitala wa minibasi, wophunzira za unamwino ndi bambo wa tayi amatola pamodzi popanda wofunsa mnzake udindo. Pomwepo amakangana za mpira wa Bullets ndi Wanderers, amamva za maliro a ku Machinjiri, ndipo mlendo wosokera amalozeredwa njira. Kasitomala wodziwika amadya pangongole, nthawi zina wokazinga n'kumuikirako basera. Kukada, moto wa chiwaya umalimbitsa mtima mayi amene akudikira minibasi yekha.

Tizilemekeza mwini chiwaya. Amadzuka m'mamawa kusenda mbatatesi, utsi n'kumamulowa m'maso tsiku lonse, ndipo ana ake amaphunzira sukulu ndi ndalama za pamenepo.