Caerostris: kangaude amene masana amasanduka khungwa

Sabata yatha usiku ndikutuluka kuseri kwa nyumba, nkhope yanga inakodwa mu ukonde wa kangaude pakati pa mtengo wa mango ndi mpanda. Kutacha ndinabwera ndi tsache, koma ukonde uja panalibe. Mwini wake ndinamupeza masana atakakamira pa nthambi, ali duu, akungooneka ngati kachotupa ka khungwa. Ndisaname, ndinatsala pang'ono kumuphwanya ndi patapata.

Akangaude otere ndi a gulu lotchedwa Caerostris, la m'banja la Araneidae, aja oluka ukonde wozungulira ngati gudumu la njinga. Dzinali analipereka ndi katswiri wa ku Sweden, Tamerlan Thorell, mu 1868. Amapezeka mu Africa muno, ku Madagascar ndi mbali zina za Asia.

Mungawazindikire bwanji? Thupi lawo ndi lophwatalala, la bulauni kapena lotuwa, ndipo lili ndi timatuzatuza. Akakhala pa mtengo amakokera miyendo yawo pafupi ndi thupi, moti ngakhale mbalame imadutsa osawaona. Wamkazi ndiye wamkulu, wamwamuna ndi kachepsa zedi.

Wodziwika kwambiri kuchigawo chino cha Africa ndi Caerostris sexcuspidata. Ameneyu amaluka ukonde kukada, kukamacha nkuuphwasula. Ndiye aise, musadabwe ngati wa dzulo uja simukuuonanso, si matsenga ayi.

Koma dolo wa onse ali ku Madagascar. Dzina lake ndi Caerostris darwini, ndipo analengezedwa mu 2010 ndi akatswiri awiri, Matjaž Kuntner ndi Ingi Agnarsson, pokumbukira Charles Darwin. Amatulutsa ulusi nkuusiya kuti mphepo iuwolotse mtsinje, ndipo ulusiwo umatha kutalika mamita 25. Ukonde wakewo umalendewera pamwamba pa madzi, nkumakola tizilombo touluka. Atauyeza ulusiwu anapeza kuti ndi wovuta kuduka kuposa Kevlar, nsalu ija amapangira majekete oteteza ku zipolopolo, maulendo pafupifupi khumi.

Nanga amaluma? Akangaude a gululi saopsa kwa munthu. Ntchito yawo ndi kudya njenjete ndi tizilombo tina touluka usiku. Amene tiyenera kusamala nawo ndi ena, monga aja akuda a mimba yobulungira yokhala ndi chizindikiro chofiira.

Choncho mukamupeza pa mtengo wanu, musathamangire mankhwala opopera. Jambulani ndi foni, nkumusiya. Wanga uja adakali pa mango pomwe paja, ine ndangosintha njira yodutsa usiku.