Mbiri ya luso lopeza malo obisika ku Nkhata Bay

Nkhata Bay ndi doko la m'chigawo cha kumpoto, pagombe la kumadzulo kwa nyanja ya Malawi, mtunda wosakwana makilomita 50 kuchokera ku Mzuzu. Pa mapu amakono tawuniyi ili pa madigiri 11 ndi maminiti 36 kumwera kwa ikweta, ndi madigiri 34 ndi maminiti 18 kuvuma kwa Greenwich. Manambala otere ndiwo maziko a geocaching, masewera ofunafuna kabokosi kobisidwa motsogozedwa ndi GPS, amene anayamba ku America mu 2000. Koma luso lobwerera pamalo osaoneka ndi maso linakhazikika kuderali kalekale, setilaiti isanaponyedwe n'komwe m'mlengalenga, ndipo amene analikulitsa ndi asodzi a Chitonga.

Chimene chinawaumiriza kuliphunzira ndi mmene nyanja yawo ilili. Ku Mangochi kapena ku Salima munthu amayenda kamtunda ndithu madzi akumulekeza m'chiuno, pamene ku Nkhata Bay mapiri amatsetserekera m'madzi momwemo, ndipo bwato likangochoka pagombe pang'ono pansi sipaonekanso. Malo akuya koposa onse m'nyanjayi, pafupifupi mamita 700, ali kumpoto kwa dokoli. M'madzi otere nsomba sizipezeka paliponse. Pansi pa nyanja pali zitunda za miyala zotumphuka koma zosafika pamwamba pa madzi, zimene asodzi amati chirundu, zikachuluka virundu. Madzi oyenda akagunda chirundu amasonkhanitsa tizilombo ting'onoting'ono timene utaka umadya, choncho utaka umaunjikana pomwepo. Ofufuza za usodzi amalemba kuti chilimira, ukonde woponyedwa ndi mabwato angapo pakati pa nyanja, chinafika kudzera pachilumba cha Likoma m'zaka za m'ma 1870. Ukonde umenewu umafuna kuti woutsogolera adziwe pamene chirundu chili ndi mbali imene madzi akukokera tsikulo. Akaphonya, ukonde umavuuka wopanda kanthu, mwinanso umakodwa m'miyala n'kung'ambika.

Njira yake ndi yolunjikitsa zizindikiro za kumtunda ziwiriziwiri. Msodzi amapalasa mpaka mtengo wina waukulu wa pagombe utaima ndendende pansi pa nsonga ya phiri lakutali, monga limodzi la mapiri a Kandoli. Apo ndiye kuti ali pamzere woyamba. Amatsata mzerewo maso ali mbali ina, kufikira thanthwe la pamene mtunda walowerera m'nyanja litakumana ndi mpata wa pakati pa zitunda ziwiri. Pamene mizere iwiriyo yapingasana ndi pamene pali chirundu, ndipo mwala womangirira kuchingwe umatsimikiza kuya kwake. Akatswiri oyeza malo amatsata mfundo yomweyi ndi zipangizo zawo zagalasi, kungoti mapu a msodzi amakhala m'mutu. Mnyamata amawalandira ali m'bwato, kwa bambo ake kapena kwa amalume ake, ndipo amatenga nyengo zingapo kuti awagwire. Virundu zikuluzikulu zili ndi mayina ndipo doko lonse limazidziwa, koma malo amene munthu wadzipezera yekha sawaulula msanga, pakuti ndiwo nkhokwe ya banja lake.

Lusoli lili ndi malire. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri, zizindikiro zakutali n'kuzimirira. M'miyezi yozizira mwera umakankha bwato kulichotsa pamzere woponya asanamalize ntchito. Usiku, pamene asodzi a usipa ayatsa nyali ndipo siginala, wolondolera oponya ukonde, akutsogolera, kumatsala nyenyezi, mthunzi wa mapiri, kaombedwe ka mphepo ndi kuwala kwa kumtunda.

Manambala anafika ndi alendo a ku Ulaya. David Livingstone anaiona nyanjayi mu Seputembala 1859, ndipo mu 1861 anatsata gombe la kumadzulo paboti pamodzi ndi John Kirk ndi mng'ono wake Charles Livingstone, mpaka kudera la Nkhata Bay, kumene ulendowo unabwerera mathero a nyanja asanawaone. Ankanyamula sextant, chipangizo choyezera pamene dzuwa kapena nyenyezi yafika kumwamba, ndi wotchi yosunga nthawi ya ku Greenwich. Kudziwa kutalika kwa malo kuchokera ku ikweta sikunali kovuta kwenikweni. Chovuta chinali mbali ya kuvuma ndi kuzambwe, chifukwa wotchi ikataya masekondi anayi okha, malo amasuntha pa mapu pafupifupi makilomita awiri. Zoyeza za Livingstone ankaziunika ndi Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, yemwe dzina lake linapatsidwa kwa Cape Maclear. Mu Okutobala 1875 sitima yoyamba yotchedwa Ilala inalowa m'nyanjayi ndi E. D. Young ndi Robert Laws, ndipo chakumapeto kwa chakacho inazungulira nyanja yonse n'kupeza kuti ndi yaitali kuposa mmene Livingstone ankaganizira. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Bandawe mu 1881, gombe la Atonga linayamba kufikiridwa ndi sitima kawirikawiri. Mayina a madoko, mitsinje ndi mapiri amene anadzaza mapu oyambirirawo anachokera pakamwa pa opalasa ndi operekeza a m'deralo, ngakhale kuti ambiri mwa iwo sanalembedwe paliponse, ndipo mbiri ya mapu a nyanjayi siikwana popanda kuwakumbukira.

Kuyeza kuya kwa nyanja mwadongosolo kunachitidwa ndi E. L. Rhoades, mkulu wa sitima yankhondo ya Guendolen, yemwe zotsatira za ntchito yake zinasindikizidwa mu 1902. Rhoades yemweyo ndiye ananyamuka ku Nkhata Bay pakati pa Ogasiti 1914, kuoloka nyanja usiku, n'kukaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamalo okonzera ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Mapu okha sanathetse ngozi. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira ndi namondwe kufupi ndi Florence Bay, kumpoto kwa Nkhata Bay, ndipo anthu 145 anafa. Ilala yachiwiri, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, inayamba kuyenda mu 1951, ndipo kwa zaka zoposa 70 yakhala ikulumikiza dokoli ndi Usisya, Ruarwe, Chizumulu ndi Likoma.

M'zaka za m'ma 1950 ku Nkhata Bay kunakhazikitsidwa malo a kafukufuku a bungwe la Joint Fisheries Research Organisation. Kafukufuku wa kumpoto kwa nyanja wa mu 1954 ndi 1955 anasindikizidwa ku Zomba mu 1963. Geoffrey Fryer anafufuza mbuna za m'miyala ya pagombe, ndipo T. D. Iles analongosola mitundu ingapo ya utaka mu 1960, umodzi n'kuutcha nkatae potengera dzina la doko, limene nthawi imeneyo linkalembedwa Nkata Bay. Kumtunda nako, bungwe la Britain loyeza malo m'maiko a utsamunda, lokhazikitsidwa mu 1946, linajambula dziko ndi ndege n'kutulutsa mapu amene sentimita imodzi imaimira theka la kilomita. Zipilala zakonkire za pansonga za mapiri ndi zotsalira za ntchito yoyeza malo. Mapu amenewa anatsata muyeso wa Arc 1950, pamene GPS imatsata WGS 84, ndipo malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita mazana angapo pakati pa miyeso iwiriyi. Wosadziwa zimenezi akhoza kufunafuna chinthu kutsidya kwa khwawa lolakwika.

GPS ndi ya asilikali a America. Setilaiti yake yoyamba inaponyedwa mu 1978, ndipo mu 1995 dongosolo la masetilaiti 24 linalengezedwa kuti lakwanira. Amazungulira pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, iliyonse ikutumiza nthawi ndi pamene ili. Chipangizo cha pansi chikalandira uthenga wa masetilaiti anayi kapena kuposa chimawerengera pamene chaima. Poyamba boma la America linkasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, moti chipangizo chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Pulezidenti Bill Clinton analengeza kutha kwa kusokonezako pa 1 Meyi 2000. Pa 3 Meyi, Dave Ulmer anaika ndowa yakuda m'tchire kufupi ndi Beavercreek ku Oregon, mkati muli mabuku, mavidiyo, chitini cha nyemba, legeni ndi kabuku kolembamo mayina, n'kulengeza manambala ake pa intaneti. M'masiku ochepa anthu anaipeza. Dzina la geocaching linaperekedwa ndi Matt Stum kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo mu Seputembala Jeremy Irish anatsegula tsamba la Geocaching.com lili ndi malo 75. Lero malo obisikawo aposa 3 miliyoni m'maiko oposa 190. Chizolowezi chofanana nacho chinalipo kale ku Dartmoor ku England, kumene James Perrott anasiya botolo ku Cranmere Pool mu 1854 kuti ofikako aziikamo makadi awo, koma kumeneko ankalondola ndi mawu ndi kampasi.

Malamulo a masewerawa ndi ochepa. Wopeza kabokosi amalemba dzina ndi tsiku m'kabuku, akatenga kanthu amasiya kena kolingana nako, ndipo amabwezera kabokosiko pamene anakapeza. Kukumba pansi n'koletsedwa, kuikamo zakudya n'koletsedwanso, wobisa ayenera kupempha chilolezo kwa mwini malo, ndipo tibokosi tiwiri tiyenera kutalikirana mamita 161. Pali tizitsulo ta manambala totchedwa Travel Bug timene timasamutsidwa kuchoka m'kabokosi kena kupita m'kena, mwini wake akutsata ulendo wake pa intaneti. Kuyambira mu 2004 palinso EarthCache, imene ilibe kabokosi: wofika pamalopo amayankha mafunso okhudza miyala ndi kapangidwe ka dziko.

Zipangizo zasintha kwambiri. Osewera oyamba ankagula GPS ya m'manja, monga ya Garmin, n'kulowetsa manambala pamanja. Mafoni a m'manja anafika m'Malawi mu 1995 ndi kampani imene lero ndi TNM, Celtel n'kutsatira mu 1999, ndipo mafoni amakono ali ndi GPS mkati. Pali pulogalamu ya eni tsamba la Geocaching.com yotchedwa Geocaching, pali c:geo yaulere ya mafoni a Android, ndipo OsmAnd ndi Organic Maps zimasunga mapu a OpenStreetMap m'foni. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti GPS payokha siifuna netiweki kapena bandulo. Intaneti imafunika pokopera mapu ndi manambala basi. Izi n'zofunika kwa woyenda gombe la kumpoto kwa dokoli, kumene midzi ina imafikika paboti kapena wapansi. Pamtetete foni imaphonya ndi mamita asanu kapena kuchepera, koma m'nkhalango ya Kalwe, pansi pa mitengo ya mphira ya ku Vizara kapena m'makwawa akuya imasokonekera, ndipo mamita omalizira amafuna maso.

M'Malawi masewerawa sanafale. Tibokosi timene tilipo n'tochepa, ndipo otifunafuna ambiri ndi alendo odzaona malo. Chifukwa china ndi mtengo wa mafoni ndi bandulo, koma china chagona pa chikhalidwe. Ku Nkhata Bay, monga kwina konse m'dziko muno, malo alionse ali ndi mwini wake, kaya ndi banja, mfumu kapena boma. Kabotolo kobisidwa m'phanga la mtengo pafupi ndi munda wa chinangwa sikaoneka ngati choseweretsa. Woona angaganize za mankhwala oipa, ndipo mlendo wosuzumira m'miyala foni ili m'manja amadzetsa mafunso. Kumanda sikulowedwa popanda chilolezo cha amfumu. Malo okumbukira anthu amene anaomberedwa padokoli pa 3 Malichi 1959, pamene khamu linkafuna kuti omangidwa amene anali m'sitima ya Mpasa amasulidwe, ndi oyenera ulemu, osati kusanthulidwa pofuna kabokosi. Lipoti la komiti ya Devlin, imene inafufuza nkhaniyi, linawerenga anthu 20 ophedwa, ndipo anthu a m'deralo amatchula 31. Wofuna kubisa kanthu ayenera kuyamba waonekera kwa amfumu ndi eni malo, ndi kupeza munthu wa pomwepo wokasamalira, popeza chinyezi cha dera lamvula yambiri ngati ili chimaononga mapepala msanga. Mtundu umene ukugwirizana bwino ndi malowa ndi EarthCache, chifukwa magombe otsetsereka ndi madzi akuya a Nkhata Bay amaonetsa poyera mmene chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa chinang'ambikira.

Panyanja, GPS imachita zimene zizindikiro za kumtunda sizingathe: imabwezera bwato pamalo omwewo usiku, mu utsi, ngakhale gombe lisakuoneka. Imasinthanso umwini wa chidziwitso. Chirundu chimene munthu ankachiphunzira kwa nyengo zingapo chingathe tsopano kutumizidwa pa WhatsApp ngati mizere iwiri ya manambala, ndipo aliyense wokhala ndi injini ndi mafuta angathe kufikapo. Pa geocaching kulengeza manambala ndiko cholinga, popeza kabokosi sikatha ngakhale ofika achuluke, pamene utaka umatha. Lamulo la zausodzi la 1997 linatsegula njira yoti asodzi azitenga nawo mbali poyang'anira nsomba, ndipo makomiti a m'madoko angathe kugwiritsa ntchito manambala omwewo polemba malire a malo oswanirana nsomba amene agwirizana kuti asaponyedwe ukonde.