Galasi la pamfuti ndi alenje a ku Scotland

M'mapiri a kumpoto kwa Scotland mitengo yobisalamo ndi yosowa. Nswala yofiira imamuona munthu akadali kutali, ndipo mphepo ikangotembenuka, fungo lake yalimva kale. N'chifukwa chake ulenje wakumeneko ndi wozemberera: kukwawa chafufumimba m'matope mpaka kufika pafupi.

Ulenjewu unatchuka pakati pa anthu achuma William Scrope atalemba buku lonena za kusaka nswala m'ma 1830, ndipo unafika pachimake banja la Mfumukazi Victoria litagula Balmoral mu 1852. Madera amene alimi osauka anathamangitsidwamo kuti mulowe nkhosa anasanduka malo osakirako nyama, moti pofika 1912 anali atapitirira maekala 3 miliyoni.

Galasi linalipo, koma osati pamfuti. Mlenje waganyu ankanyamula galasi lalitali lochita kusolola, lokuza chinthu ka 20 kapena kuposa, n'kutsamira mwala, kuunguza phiri lonse ndi kusankha nyama yoyenera kuphedwa. Maso otere ndi amene Lord Lovat ankafuna mu 1900 posonkhanitsa alenje kukhala gulu la Lovat Scouts, lokazonda adani pa nkhondo ya Mabunu ku South Africa. Koma powombera nswala, bwana wa mlenjeyo ankadalira tizitsulo tolozera ta pamfuti basi. Ambiri ankati galasi pamfuti n'kubera nyama. Chodabwitsa n'chakuti msilikali wa ku Scotland komweko, David Davidson, anali atapanga kale galasi lotere, ndipo linagwira ntchito pa mfuti za Whitworth m'nkhondo yapachiweniweni ya ku America.

Maganizo anasintha pang'onopang'ono. Nswala yothawa ndi bala inayamba kuchititsa manyazi kuposa galasi.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, galasi la Weaver K4 la ku America, lokuza kanayi kokha, linafala kwambiri. Ku Britain alenje anadzakonda magalasi a ku Germany ndi Austria, makamaka 6x42 ndi 8x56. Manambalawa sanangotoledwa: yoyamba ndi ya kukuza, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Mukagawa 42 ndi 6, kapena 56 ndi 8, mupeza 7, kukula kwa kuwala kofika m'diso, ndipo mamilimita 7 ndi kukula kwa mwanadiso wa munthu wachinyamata kukachita mdima. Popeza nswala za m'nkhalango zimatuluka mbandakucha ndi chisisira, kuwala n'kofunika kuposa kukuza.

Kenako anabwera magalasi opotokola posintha kukuza, monga 3-9x40, ndipo lero m'masitolo muli ena okuza kupitirira ka 20. Apa m'pamene wophunzira amakodwa. Akakuza kwambiri, malo oonekera amachepa, kunjenjemera kwa manja kumakula nako, ndipo mfuti ikalira nyama imamusowa m'galasi, osadziwa komwe yalowera. Pamenepo n'kuti mayeso a DSC1, amene alenje atsopano ambiri ku Britain amayambira, kale ankafuna, mwa zina, zipolopolo zitatu m'bwalo la mainchesi 4 pa mtunda wa mamita 100. Ntchito imeneyo galasi lokuza ka 6 limaikwanitsa bwinobwino.