Mafupa a Capital Hill

Agogo anga aamuna, omwe anakalambira ku Kawale, ankatchula Capital Hill kuti "kuntchito kwanga kuja". Pa desiki sanakhalepo. Iwo anali a wilibala, otuta konkire m'zaka za m'ma 1970, maofesi a bomawo akumangidwa.

Kamuzu Banda atafuna kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba, a Britain anakana kuikapo ndalama. Mu 1968 boma la tsankho la South Africa linabwereketsa ma rand 8 miliyoni, ndipo chaka chomwecho kunabadwa bungwe la Capital City Development Corporation loyang'anira ntchitoyo. Pofika 1975, Lilongwe inakhala likulu. Maofesiwo anawamanga aafupi koma otambalala, mitengo ili pakati, pomwe omangawo ankagona kutali, kumakomboni.

Ndili mwana ndinkayesa kuti nyumba imaima ndi njerwa. Agogo ankaseka: "Iwe, njerwa ndi malaya chabe, mafupa ali m'kati." Ndinadzamvetsa ndili ku koleji. Konkire imapirira kupsinjidwa, koma ikakokedwa kapena kupindidwa imang'aluka. Chitsulo ndiye chimapirira kukokedwa. N'chifukwa chake amaluka zitsulo m'kati mwa konkire. Silabu imatula katundu pa mabimu, mabimu pa mapilala, mapilala pa fawundeshoni. Konkireyo imafunanso kumwetsedwa madzi, ndipo mphamvu yake amaiyeza pakatha masiku 28.

Si nkhani ya m'kalasi chabe ayi. Dziko lathu lili m'chigwa cha zivomerezi. Cha ku Salima cha pa 10 Malichi 1989 chinapha anthu, cha ku Karonga mu Disembala 2009 chinagwetsa nyumba zambirimbiri.

Lero maofesi osanjikiza afika kwathu konkuno: ku Biwi, ku 23, ku 25. Pansi mashopu, pamwamba maofesi a lendi. Mwezi watha ndinaima pa chimango china, ndikumva mwini wake akuuza mmisiri kuti ataye Y16, aike Y12, "bola ziime". Mitengo yochirikiza silabu anaichotsa sabata isanathe. Injiniya? Akuti ndi wodula.

Ndinangodutsa osanena kanthu, ndipo mpaka pano zikundiwawa. Pulasitala ikamatidwa, palibe adzaone zitsulo zomwe zinachotsedwa. Koma pansi pa silabu imeneyo padzakhala mlongo wa munthu wina, akugulitsa mayunitsi.